Dzanja Lake pa Kalata za Mbewu

Ntchito imene ndinaphunzira ku koleji ndi yovuta kuifotokoza kumudzi. Nditakwatira pa mudzi wina wa kufupi ndi Kabudula, azilamu anga ankauza anthu kuti ndimakonza makompyuta, ndipo ena ankandibweretsera mawailesi akufa. Mkazi wanga yekha ndiye anaipezera mawu. Ankati mwamuna wake amapanga zikombole. Munthu akafunsa kuti za njerwa kodi, iye ankayankha kuti ayi, za mapepala.

Mkazi wanga anali mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza wa mbewu. Makalabu ake anamwazikana kuyambira ku Nsaru mpaka ku Nambuma. Mlimi akakolola, mtedza wake ukasankhidwa ndi kuyesedwa, ankalandira kalata ya mbewu. Linali pepala limodzi lonena dzina lake, kalabu yake, mtundu wa mtedza ndi chaka chimene walima, ndipo pansi pake pankakhala mawu otsimikiza kuti mtedzawo ndi woyenera kubzala. Popanda kalatayo wogula ankautenga ngati mtedza wokazinga basi. Anthu ankasunga makalatawa m'jumbo limodzi ndi buku la kuchipatala ndi chitupa cha ubatizo. Kalata iliyonse inkafuna siginecha ya mlembi.

Poyamba ankalemba makalatawo pamanja. Nyengo yokolola ikafika ankachoka m'mamawa pa kabaza, chikwama pamiyendo, kukasaina ku kalabu iyi lero, mawa ku ina, ndipo ankabwera fumbi lili mpaka m'nsidze. Chaka choyamba cha ukwati wathu ndinangomuyang'ana. Chaka chachiwiri ndinapempha akomiti kuti andilole ndiwapangire pulogalamu ya pa intaneti, ndipo anavomera, makamaka chifukwa ndinali mwamuna wa mlembi wawo.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Mlangizi wa kalabu ankatsegula tsamba lathu pa foni, n'kusankha dzina la mlimi, n'kudina batani. Pulogalamu inkatenga dzinalo ndi zina zonse za mlimiyo n'kuzithira m'chikombole. Chikombolecho si chinthu choti mungachigwire. Ndi fayilo ya mawu okhaokha, malamulo ouza makina kuti mutu ukhale apa, zilembo izi zikhale zonenepa, apa pasiyidwe mpata wotere, ndipo pamene payenera kukhala dzina la munthu pamakhala bowo lodikira. Mabowo akadzaza, pulogalamu ina, yosanja zilembo monga amachitira osindikiza mabuku, inkatenga zonsezo n'kutulutsa kalata yathunthu ya PDF. Mlangizi ankapita nayo pa kashopu ka fotokope pa msika, pepala n'kutuluka.

Seva imene tinkabwereka, kompyuta ya kutali yosunga pulogalamuyo, inali yaing'ono, choncho makalata otuluka sindinkawasunga. Kalata iliyonse inkaumbidwa mwatsopano nthawi imene munthu waifuna, ngakhale itakhala ya chaka chapita. Mlimi amene pepala lake ladyedwa ndi chiswe ankangouza mlangizi, chikombole n'kumuumbiranso lina lofanana ndi loyamba lija. Nzeru imeneyi inali yabwino, ndipo lero nditayambiranso ndingachite chimodzimodzi.

Panatsala siginecha. Tsiku lina Lamulungu, titabwera ku tchalitchi, ndinamupatsa pepala loyera ndi cholembera chakuda kuti asaine kangapo, ndisankhepo imodzi yoika m'chikombole. Tinali pa mphasa pakhonde. Anasaina mosamala ngati mwana wa sukulu, ndipo zonse zinkatuluka zouma, zosafanana ndi dzanja lake la masiku onse. Ndinamuuza kuti asaine ngati kabaza akumudikira panja. Akuseka choncho, nkhuku inadumphira pa mphasa n'kumugunda chigongono, mchira wa chilembo chomaliza n'kuthamangira m'mwamba. Ndinasankha imeneyo.

"Imeneyo ayi, a injiniya," anatero. "Ikuoneka ngati ndikuthawa ngongole."

"Ndi yokhayi imene ikufanana ndi inu."

"Ndiye kuti ndizisaina ndili kumunda?"

"Ngakhale muli mtulo."

Anagwira pamimba pake, pamene panali pasanayambe kuoneka kanthu, n'kufunsa ngati azisainanso ali m'chikuta. Ndinati ndi chifukwa chake ndikufulumira.

Ndinajambula siginechayo pa foni, n'kuiyeretsa mpaka panatsala inki yokha, n'kuiika pansi pa kalata. Iye ndiye anali woweruza wa mapepala oyesera. Zilembo anati ndizikulitse, chifukwa alimi ambiri amawerenga pepala litatalikira kumaso. Chizindikiro cha kopaletivi anati ndichichepetse, si mbendera. Kenako anachita chinthu chimene ine sindikanachiganiza: anatenga pepala n'kulipinda panayi, monga amachitira aliyense asanaliike m'jumbo, n'kulitambasulanso. Mzere wa mpindo unadutsa pakati penipeni pa siginecha. Anati pakatha miyezi iwiri dzina lake likhala litang'ambika pakati m'nyumba zonse za ku Nambuma. Ndinaisuntha pang'ono kuti ichoke pa mpindo, iye n'kupindanso, ine n'kusunthanso, mpaka anakhutira. M'fayilo ya chikombole muli malo amene munthu angalembe mawu oti makina asawawerenge, ongokumbutsa wokonza. Pamwamba pa mzere wa siginecha ndinalembapo kuti: osasuntha, mayi anena.

Nyengo yokolola ya chaka chimenecho sanakwere kabaza. Ankakhala pakhonde n'kumaona pa laputopu yanga mayina akutuluka, wina ku Nsaru, wina ku Nambuma, n'kumanena kuti uyu mtedza wake anauona, uyu anavutika ndi chiwawu. Mimba imeneyo inapita padera isanakule. Tinalira, tinatonthola, ndipo chaka chotsatira anaimanso.

Anamwalira m'dzinja, mtedza uli maluwa. Anapita pamodzi ndi mwana amene tinkamuyembekezera. Za masiku amenewo sindilemba zambiri. Mapepala a kuchipatala anadzaza ndi malume ake, mtanda analemba ndi mlongo wake, ndipo ine ndinangokhala pamene andikhazika.

Ndinali mkamwini. Makolo anga anabwera m'dera lino kuchokera kummwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo anabwerera kwawo ine ndili ku koleji. Nyumba imene ndinkagonamo ndinamanga ndine, koma pa dothi la kwa mkazi wanga. Malume ake, amene ndi mwini mbumba, anandiuza mwaulemu kuti ndikhale mpaka kumeta kwachiwiri, anthu akakolola. Pamenepo katundu wa malemu adzagawidwa, ndipo ine adzandisudzula, kundimasula kuti ndipite kumene ndingafune. Zovala zake, nsapato ndi chikwama chija cha pa kabaza azakhali ake anazimanga m'zitenje n'kuziika kuchipinda chaching'ono. Chitseko chake sindinkatsegula.

Mvula inatha, mtedza unakumbidwa, makalabu anayamba kuyesa mbewu. Tsiku lina m'mawa ndinatsegula laputopu kuti ndione ngati seva ikuyenda, ndipo ndinapeza mzere watsopano pa mndandanda wa zimene pulogalamu yachita. Mlangizi wa ku Nsaru anali atatulutsa kalata yoyamba ya chaka. Ndinaitsegula. Panali dzina la mlimi amene sindimudziwa, mtundu wa mtedza, chaka chino, ndipo pansi pake dzanja la mkazi wanga, mchira uja ukuthamangira m'mwamba.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Sindinaganize kuti pali cholakwika. Chimene ndinamva ndi chimene ndinkamva kale akachoka m'mamawa: kuti wapita ku ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala pakhonde m'mawa uliwonse, tiyi akuzizira, n'kumadikira mizere. Ina inkabwera yotsatizana, ina patapita nthawi. Ndinkadziwa kuti lero ali ku Nambuma, dzulo anali ku Nsaru.

Kopaletivi inali itasankha kale mlembi watsopano, mtsikana wa ku Nsaru amene anamaliza fomu folo. Wapampando wa kopaletivi, bambo wachikulire woyenda pa njinga yakapalasa, anabwera kunyumba ndi envulopu. Anakhala pansi, anafunsa za moyo, anadandaula za mitengo ya feteleza, ndipo atatsala pang'ono kutsanzika anaika envulopuyo pa mphasa n'kunena kuti mwana uja wasaina monga ndinawauzira kale, pa pepala loyera ndi cholembera chakuda. Sanatchule dzina la mkazi wanga. Ndinati ndiziona.

Masana omwewo ndinajambula siginecha yatsopano n'kuiyeretsa. Kusintha kwake kunali kwa mzere umodzi: kuchotsa dzina la chithunzi chakale, kulemba la chatsopano. Ndinayamba ndayesera pa laputopu pokha, osatumiza ku seva. Kalata ya chaka chino inatuluka bwino. Kenako, mwa chizolowezi cha ntchito, ndinayesa kalata yakale. Ndinasankha yoyamba yeniyeni imene chikombole chinaumba, ya apongozi anga aakazi, amayi ake a mkazi wanga, amenenso anali membala. Mtedza umenewo mkazi wanga anausankha yekha pa lichero, ine ndikuona. Kalatayo inatuluka ndi chaka chake chakale, dzina la apongozi, ndipo pansi pake dzanja la mtsikana wa ku Nsaru.

Chikombole sichidziwa kale ndi lero. Chimene mwaikamo ndi chimene chimadinda pa zonse. Ndikachotsa dzanja lake, silichoka pa makalata a chaka chino okha. Lichokanso pa onse a zaka zimene anagwira ntchito, ngati kuti pa mpando wa mlembi sipanakhalepo iye.

Njira yokonzera vutoli ndinaiona nthawi yomweyo. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba angaione. Chikombole chikhoza kufunsa funso chisanadinde: ngati kalatayi ndi ya tsiku lakuti lisanafike, ika dzanja ili, ngati ndi ya pambuyo pake, ika ilo. Pankangofunika kuti munthu alembe tsikulo, tsiku limene iye anamwalira. Ndinaika zala pa mabatani, ndipo zinakhala pomwepo. Tsiku limenelo ndinali ndisanalilembepo paliponse, ndisanalitchulenso ndi pakamwa. Anthu akafunsa ndinkati m'dzinja. Ndinabwezera mzere uja mmene unalili, ndinatseka laputopu, envulopu n'kuiika pansi pa wailesi.

Wapampando akaimba foni ndinkati netiweki ikuvuta. Sanali mawu abodza kwenikweni, chifukwa kumudzi kuja netiweki yotumizira zinthu ku seva inkagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa dimba pokha. Koma chulucho chinali pomwepo masiku onse.

Makalata anapitiriza kutuluka, ndipo nkhani zinayamba kundipeza. Mlangizi wa ku Nambuma anandiuza kuti mayi wina anakana kulowa ndi kalata yake m'nyumba, anaisomeka pa denga la nkhokwe. Wina anafunsa ngati mtedza wosainidwa ndi malemu ungamere. Mlangiziyo ankanena akuseka, koma kuseka kwake kunali kondiyesa. Kenako wogula wina wa ku tauni, amene ankamudziwa mkazi wanga ndipo anabwera ku maliro, anabweza makalata a kalabu yonse. Anati iye alibe mantha ndi mizimu, koma sangalandire umboni wa munthu amene mbewuyo sanaione. Wapampando anabweranso pa njinga yake. Ulendo uno sanakambe za feteleza. Anati akumvetsa, nayenso anaikapo mkazi m'manda, koma matumba a anthu ali m'nyumba ndipo anankafumbwe sadikira. Ndinati ndikonza sabata yomweyo. Sabata inatha.

Ine ndi apongozi anga aakazi tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Ndi mwambo wake. Tikakumana pa njira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndikafuna kuwathokoza ndinkatuma yemweyo. Mkazi wanga ankaseka kuti iye ndi positi ofesi ya anthu awiri okhala pa bwalo limodzi. Atamwalira, chakudya chinkangofika pakhonde ndi adzukulu, ndipo pakati pa ine ndi apongozi panalibenso wonyamula mawu.

M'mawa wina ndili pakhonde ndi laputopu, ndinamva munthu akukhala pansi kuseri kwa ngodya ya nyumba. Ndinangoona mapazi awiri opanda nsapato atatambasulidwa pa dothi, ndi m'mphepete mwa chitenje. Ndinawazindikira. Ndinatseka laputopu n'kutembenukira kwina, msana wanga ku khoma lomwelo limene iwo anatsamira mbali inayo.

Anandipatsa moni, ine n'kuyankha. Anafunsa ngati chifuwa chimene ndinkadwala chinasiya. Kenako ndinamva pepala likutambasulidwa. Anati alangizi anawapatsa kalata yawo ya mbewu dzulo. Apongozi sadziwa kuwerenga, koma dzanja la mwana wawo ankalidziwa monga munthu amadziwira mapazi a wa m'nyumba mwake pa fumbi.

"Apongozi," anatero, "kodi mwana wanga uja akugwirabe ntchito?"

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi chithunzi chabe, chimene tinajambula kale iye ali moyo, ndipo makina amangochibwereza. Anandilola ndimalize.

"Chithunzi ndimachidziwa. Chili pakhoma kunyumba kwanga, sichipita kulikonse. Koma ichi chikuyenda. Akuti chafika mpaka ku Nambuma."

Kenako anapitiriza.

"Mtedza uwu anausiya uli maluwa. Ndinapalira ndekha, ndinakumba ndi alongo ake. Ndiye ndikaona apa, ndimati kodi wauona liti?" Mawu awo sanakwere. "Sindikudzudzulani ayi, bambo. Ndangobwera poti wotuma ndilibe."

Anandiuza kuti malume akonza zoti kumeta kuchitike chimera chikauma, ndipo sichichedwa. Zovala zake zigawidwa, mbale zake zigawidwa, aliyense ameta, maliro atha. Koma amayi a m'mudzi akufunsa kuti timeta bwanji munthu akadali pa ntchito. Iwo sanawayankhe, chifukwa sadziwa za makina.

Pamenepo ndinawauza zimene sindinauze wapampando. Ndinati ndikamuchotsa mwachisawawa achoka ponse, ngakhale pa makalata a zaka zimene anali moyo. Ndinati pali njira yoti akhalebe pa akalewo, koma ikufuna kuti ndilembe tsiku limene anatisiya, ndi dzanja langa, kuti makina adziwe polekezera.

Ndinaona chala chawo chachikulu cha kuphazi chikukumba dothi.

"Linali Lachiwiri," anatero. "Ine ndimalitchula tsiku lililonse ndikadzuka. Silisintha."

Anati muloleni apume, wagwira mokwana. Ndinati ndamva, amayi. Ndinawauzanso kuti ndikakonza, alangizi adzawapatsa kalata ina ya chaka chino yokhala ndi dzanja la mlembi watsopano, ndipo imene ali nayoyo adzafunika kubweza kuti isasokoneze ogula.

"Inayo adzandipatse, ndikagulitsire mtedza," anatero. "Koma iyi sindibweza."

Ndinamva pepala likupindidwa, kamodzi, kenako kachiwiri. Dzanja lawo linaonekera pang'ono pa ngodya pamene ankalimanga pa nsonga ya chitenje. Anadzuka, anati tiyi wanga wazizira atumiza wina, n'kupita.

Sindinapite pa chulu tsiku limenelo, kapena lotsatira. Chimera chinayanikidwa pa mphasa pabwalo, ndipo ndinkachiona chikuuma. Achibale a kutali anayamba kufika. Kutatsala tsiku limodzi kuti timete, m'mawa amayi akusonkha moto pansi pa migolo, ndinatenga laputopu ndi envulopu ija n'kudutsa kuseri kwa dimba.

Pa chulu pamera mtengo wa mthethe, ndipo pali muzu umene ndinkakhalira nthawi zonse. Ndinatsegula fayilo ya chikombole n'kutsika mpaka pa mawu aja akuti osasuntha, mayi anena. Pansi pake ndinayamba mzere watsopano. Ndinalemba funso lija. Ndinalemba dzina la chithunzi chake ku mbali ya kale, la mtsikana wa ku Nsaru ku mbali ya pambuyo. Pakati panatsala bowo.

Makina amafuna tsiku lilembedwe mwa dongosolo lawo: chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, manambala okhaokha. Salola kuti m'dzinja. Ndinalemba chaka. Ndinalemba mwezi. Kumudzi kunkamveka mitondo ndi mawu a azakhali ake akukalipira ana kuti achoke pa moto. Ndinalemba manambala awiri omaliza.

Panabukanso funso limene sindinaliyembekezere. Chikombole chinkafuna kudziwa ngati tsiku lenilenilo likhale mbali ya kale kapena ya pambuyo. Palibe kalata imene inatuluka tsiku limenelo, ndipo sidzatulukapo, choncho yankho lililonse likanagwira ntchito. Komabe ndinakhala pa muzu paja ndikuliganizira. M'mawa wa Lachiwiri lija anali moyo. Anandifunsa ngati ndatsekera nkhuku. Ndinaliika mbali yake.

Ndinayesa kalata yoyamba ija ya apongozi. Inatuluka ndi dzanja la mwana wawo, mchira uli m'mwamba. Ndinayesa ya chaka chino, inatuluka ndi la mlembi watsopano. Mtsikanayo amasaina motambalala, zilembo zazitali, ndipo ndinaona ndi maso kuti mpindo udzadutsa pamwamba pa dzina lake. Ndinachepetsa chithunzi chake pang'ono kuti chikwane pa malo omwewo. Malowo sindinawasunthe.

Ndinatumiza ku seva. Zinatenga kanthawi kochepa, kosakwana kumwa kapu ya madzi. Ndinalembera alangizi onse uthenga kuti makalata a chaka chino atulutsidwenso. Ndisanatsike pa chulu mizere inayamba kubwera, Nsaru, Nsaru, Nambuma, yambiri motsatizana, chifukwa anthu anali atadikira. Sindinatsegule ngakhale imodzi.

Mawa lake tinameta. Lumo linayamba ndi apongozi, kenako ine. Zitenje zija zinamasulidwa pabwalo, katundu n'kugawidwa. Chikwama cha pa kabaza chinapita kwa mng'ono wake. Madzulo dzuwa lisanalowe malume anandiitanira pansi pa mtengo wa mango pamaso pa akuluakulu a mbali zonse. Anati ndinakhala nawo bwino, sindinatukwane munthu, mwana wawo ndinamusamala mpaka tsiku lake. Anati kuyambira lero ndine womasuka, ndikapeza banja kwina iwo alibe mawu, ndipo ndikadutsa pa msewu ndisaope kupatuka kudzamwa madzi. Ndinathokoza. Apongozi anali pakati pa amayi, mutu uli mbee ngati wanga, akuyang'ana pansi. Pa nsonga ya chitenje chawo panali mfundo.

Tsopano ndimakhala pa Msundwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kufupi ndi msewu wa ku Mchinji. Pulogalamu ya kopaletivi ndimaisamalabe, ndipo ndapangiranso ena zikombole zawo, sukulu ina ndi kalabu ya alimi a soya. Mlembi wa ku Nsaru uja akugwira bwino ntchito. Anapempha kuti ndiwonjezere malo a nambala ya foni ya mlimi, ndinawonjezera. Mzere wa tsiku lija uli pomwe ndinausiya. Ndikamakonza zina m'fayiloyo ndimaudutsa, ndipo maso anga anazolowera kuuona monga munthu amazolowera manda a m'mbali mwa njira ya kumunda.

Nthawi zina mlimi amataya kalata yakale. Denga ladontha, kapena chiswe chalowa m'jumbo, ndipo akufuna umboni wa zaka zimene walima mbewu. Mlangizi amadina batani, chikombole chimafunsa funso lake, n'kupeza kuti kalatayi ndi ya kale. Pamenepo mkazi wanga amasaina. Ndimadziwa chifukwa mzere wake umaoneka pa mndandanda, ndi chaka chakale pambali. Mizere yotere inali yambiri chaka choyamba. Ikunka ichepa, poti makalata akale anthu sawafunanso kwenikweni.

Batani limenelo inenso ndili nalo. Ndikhoza kusankha dzina lililonse la zaka zija n'kumuona nthawi imene ndafuna, kangati konse. Chichokereni pa chulu paja sindinalidinepo. Ndimadikira kuti wina amufune.